Mafunso ndi mayankho: BBC, mawayilesi a m'sitima ndi nyimbo za achinyamata ku Britain

Ndikangotchula zoti ku Britain kunali mawayilesi amene ankaulutsa mawu ali m'sitima pakati pa nyanja, anthu ambiri amayamba akayikira kaye, kenako mafunso amagwa ngati mvula. Mafunso ake amakhala omweomwewo, choncho ndawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna tsatanetsatane.

Kodi wayilesi ya anthu onse imasiyana bwanji ndi ya boma kapena yamalonda?

Kusiyana kwagona pa amene amailipirira ndi amene imamumvera. Yamalonda imadya kwa otsatsa malonda, ndiye imasakasaka omvera ambiri kuti ikawagulitse kwa amakampani. Ya boma imayankhula zimene olamula afuna. Ya anthu onse imayenera kulipiridwa ndi omvera eni ake, n'kumatumikira aliyense: wa m'tauni ndi wakumudzi, wachipani cholamula ndi wotsutsa, nkhalamba ndi mwana. Papepala mizere imeneyi imaoneka bwino. Ikafika pantchito imasokonekera msanga, ndipo nkhani yonse ili m'munsimu ndi ya wayilesi ya anthu onse imene inaiwala gulu lalikulu la anthu ake.

BBC inayamba liti, ndipo anaiyambitsa ndani?

Inayamba mu Okutobala 1922 ngati kampani ya anthu opanga mawayilesi, kuphatikizapo a Marconi. Iwo ankafuna kugulitsa mawayilesi, ndipo palibe angagule wayilesi yopanda chomvera. Pa 14 Novembala chaka chomwecho siteshoni ya 2LO ku London inayamba kuulutsa tsiku ndi tsiku. Boma linaona chipwirikiti chimene chinali ku America, kumene masiteshoni ankaphuka ngati bowa n'kumasokonezana, ndipo linati ku Britain woulutsa akhale mmodzi. Aliyense wokhala ndi wayilesi ankagula laisensi ya mashiling'i 10 pachaka ku positi ofesi, ndipo malonda sankaloledwa.

Pa 1 Januwale 1927 kampaniyo inasanduka bungwe la dziko, British Broadcasting Corporation. Amene analiumba ndi John Reith, injiniya wa ku Scotland, mwana wa mbusa wa mpingo wa Chipresibateriya. Iye ankati wayilesi idziwitse, iphunzitse, isangalatse, ndipo kusangalatsa kunali kumapeto dala. Amene munakulira m'nyumba yosunga Sabata mwachiskotishi mukudziwa mmene Lamlungu la BBC linkamvekera masiku amenewo: mapemphero, nkhani zolemera, nyimbo zodekha, za dansi ayi.

Ndiye kuti BBC inali yoima payokha, yosamvera boma?

Pang'ono. Mu 1926 ogwira ntchito dziko lonse atanyanyala, Winston Churchill ankafuna boma lilande BBC. Reith anakana ndipo anapambana, koma mtengo wake unali wakuti mtsogoleri wa chipani cha Labour, Ramsay MacDonald, sanapatsidwe mpata woyankhula, ndipo ngakhale uthenga wa Archbishop wa ku Canterbury wopempha mtendere unayamba watsekerezedwa. Kukokanakokana kumeneku sikunathe mpaka lero.

N'chifukwa chiyani BBC sinkaika nyimbo za achinyamata?

Ambiri amayankha kuti akuluakulu a BBC ankazinyoza, ndipo n'zoona ndithu kuti ena ankaziona ngati phokoso. Koma chifukwa chachikulu chinali pangano. Makampani ojambula nyimbo, kudzera m'bungwe lawo la Phonographic Performance Limited, ankaopa kuti munthu akamamva nyimbo ulere pawayilesi sagula mbale. Bungwe la oimba, Musicians' Union, linkaopa kuti mbale zikachuluka pawayilesi oimba ataya ntchito. Choncho anagwirizana zoika malire a maola amene BBC ingaike mbale pamlungu. Malirewo ankawatcha "needle time", kutanthauza nthawi imene singano ya galamafoni yaloledwa kukhala pambale.

Maola ochepawo ankagawidwa pa mawayilesi onse atatu a BBC: Home Service ya nkhani, Light Programme ya zosangalatsa imene inayamba mu 1945, ndi Third Programme ya zamaphunziro apamwamba imene inayamba mu 1946. Nthawi yotsala ankaidzaza ndi magulu oimba a BBC yomweyo. Taganizani mtsikana wa zaka 15 mu 1963 amene akudikira kumva The Beatles, m'malo mwake akumva azibambo ovala mataye akuimba nyimbo yomweyo ndi malipenga, mawu onse ali m'malo mwake koma moto wonse utazima. Mapulogalamu ngati Saturday Club ndi Pick of the Pops analipo ndipo ankakondedwa kwambiri, koma kwa munthu wanjala ya nyimbo anali ngati kulawitsa ndiwo.

Nanga asanabwere a m'sitima, achinyamata ankamvera kuti?

Radio Luxembourg. Kuyambira m'ma 1930 amalonda anazindikira kuti lamulo la Britain silingagwire makina oulutsira mawu amene ali m'dziko lina. Radio Normandy inkaulutsa kuchokera ku France, ndipo Luxembourg inayamba mapulogalamu a Chingerezi mu 1933. Lamlungu, tsiku limene BBC inkakhala pa Sabata, ndilo linali tsiku lawo lokolola.

Nkhondo itatha Luxembourg inabweranso, ndipo kuyambira mu 1951 inkapezeka pa malo olembedwa mamita 208 pawayilesi. Vuto linali lakuti inkamveka bwino kukada kokha. Mwana amalowa m'bulangeti ndi kawayilesi kake ka mabatire, n'kukagunditsa kukhutu kuti makolo asamve. Nyimbo ikafika pokoma mawu amayamba kuzilala, kutsala phokoso ngati la mvula padenga la malata, iye n'kumakatembenuza uku ndi uku mpaka mawu abwerere. Komanso nthawi yambiri inkagulidwa ndi makampani akuluakulu ngati EMI ndi Decca, amene ankaika mbale zawo zokha, kawirikawiri osafika nazo kumapeto kuti zikwane zambiri.

Bwanji ankawatcha "pirates"? Ankaba chiyani?

Mawuwa amatanthauza achifwamba a panyanja. Anawapatsa dzinali chifukwa ankakhala m'sitima komanso ankagwiritsa ntchito njira za mumlengalenga zimene mayiko sanawagawire. Poyamba sankaswa lamulo la Britain ayi. Nthawi imeneyo ulamuliro wa dzikolo unkathera pa mamailosi atatu kuchokera kugombe. Sitima ikaponya nangula kupitirira pamenepo, itakweza mbendera ya dziko ngati Panama, apolisi ankangoyang'ana ali kumtunda.

Pa za kuba, funso lakuti "Kodi zifukwa za boma zinali zoona?" m'munsimu likuyankha.

Anayamba nzeru imeneyi ndani?

Si Angerezi. Radio Mercur inayamba kufupi ndi Denmark mu 1958, Radio Veronica kufupi ndi Netherlands mu 1960, ndipo Radio Nord kufupi ndi Sweden mu 1961. Mayi wina wa ku Sweden, Britt Wadner, mwini wa Radio Syd, anafika polowa m'ndende chifukwa cha wayilesi yake, ndipo pambuyo pake Radio Syd inakakhazikika ku Gambia mu 1970.

Ku Britain anatsegula njira ndi Ronan O'Rahilly, mnyamata wa ku Ireland amene ankayendetsa za oimba ku London. Mwini wake ankasimba kuti anayenda ndi mbale ya woimba Georgie Fame ku BBC ndi ku Luxembourg, konse n'kumubweza chifukwa sinali ya makampani akuluakulu, ndipo anati basi, ndiyambitsa yanga. Mwayi wake unali wakuti bambo ake anali ndi doko ku Greenore, ku Ireland. Kumeneko anakonzerako sitima yakale ya ku Denmark yonyamula anthu, kuiika mlongoti ndi makina. Loweruka la Pasaka, pa 28 Malichi 1964, Radio Caroline inayamba kumveka ili kufupi ndi Felixstowe, kugombe la kum'mawa kwa England, nyimbo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. O'Rahilly ankati dzinalo analitenga kwa Caroline, mwana wamkazi wa Pulezidenti Kennedy.

Pasanathe miyezi iwiri kunabwera ina, Radio Atlanta, pasitima ya Mi Amigo. Mu Julayi ziwirizi zinaphatikizana. Sitima yoyamba ija inapita kukaima kufupi ndi chilumba cha Isle of Man n'kukhala Caroline North, ikuulutsa mawu ulendo wonse, ndipo Mi Amigo inatsala kugombe la Essex ngati Caroline South.

Moyo wa m'sitimamo unali wotani?

Omvera ankaganiza kuti ndi chisangalalo chokhachokha. Zoona zake n'zakuti anali anyamata ochepa opanikizana m'kasitima kakale, fungo la dizilo paliponse, jenereta ikulira usana ndi usiku. Ambiri ankakhala milungu iwiri panyanja, umodzi kumtunda, ngati nyengo yalola kuti boti lobweretsa chakudya, madzi, mafuta, makalata ndi mbale zatsopano lifike. Mlongoti wautali pakasitima kakang'ono umachititsa kuti kazipendama kwambiri. Mafunde akakula singano inkalumpha pambale, ndiye ankaika ndalama yachitsulo pamwamba pake kuti ilemere. Munthu ankayankhula mosangalala pamaikolofoni m'mimba mukutembenuka. Mu Januwale 1966 namondwe anadula nangula wa Mi Amigo n'kukaitsakamiza pamchenga ku Frinton, ndipo ma DJ anawatsitsa ndi zingwe usiku kukuzizira koopsa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha kugombe lomwelo la Frinton. Usiku anthu ankaimika magalimoto awo kuyang'anitsa kunyanja. Johnnie Walker, DJ wa Caroline, ankatuluka panja pa sitima ndi maikolofoni, n'kumafunsa mafunso pawayilesi, iwo n'kumayankha pothimitsa ndi kuyatsa nyali za galimoto. Palibe foni, palibe uthenga wa pafoni, koma muulutsi ndi womvera akucheza kudutsa madzi a mamailosi angapo. BBC ya nthawi imeneyo inkayankhula kwa anthu. Awa ankayankhula nawo.

Ndalama ankazipeza kuti?

Kumalonda, ndipo amene anaidziwa bwino ntchitoyi anali a Radio London, imene inayamba mu Disembala 1964 ndi ndalama za amalonda a ku Texas. Sitima yawo, Galaxy, kale inali yankhondo ya America yochotsa mabomba m'nyanja. Anabweretsa kachitidwe ka ku America: mndandanda wa nyimbo 40 zimene zili pamwamba, kuzibwerezabwereza tsiku lonse, ndi tinyimbo tatifupi totchula dzina la siteshoni tojambulidwa ku Dallas. Ma DJ monga Kenny Everett, Ed Stewart ndi John Peel anadutsa kumeneko, ndipo Tony Blackburn anasamukirako kuchokera ku Caroline.

Ndalama zina zinkachokera kwa alaliki a ku America amene ankagula nthawi, makamaka pulogalamu ya mpingo wa Herbert Armstrong. Zina zinkachokera kwa eni mbale olipira kuti nyimbo yawo imveke. Choncho tisawaveke ungwiro: anamasula nyimbo, inde, koma ambiri anabwera kudzachita bizinesi.

Ndamva kuti ena sanali m'sitima. Anali pati?

Pa nkhondo yachiwiri Britain inamanga nsanja zachitsulo ndi konkire pakati pa madzi, kumene mtsinje wa Thames umathira m'nyanja, zoikapo mfuti zowombera ndege. Nkhondo itatha zinasiyidwa zikuchita dzimbiri. Woimba Screaming Lord Sutch anakwera pa nsanja za Shivering Sands mu 1964, ndipo manijala wake Reg Calvert anapitiriza ndi dzina la Radio City. Radio 390 inali pa Red Sands, yoika nyimbo zodekha za akuluakulu. Roy Bates, mwini wa Radio Essex, pambuyo pake anasamukira pa nsanja ya Roughs n'kulengeza mu 1967 kuti ndi dziko lake, Sealand.

Pansanjazi mpamene panachokera tsoka. Mu Juni 1966 panabuka mkangano wa makina oulutsira mawu, ndipo gulu la amuna linakwera pa Shivering Sands usiku n'kulanda malowo. Calvert anapita kunyumba kwa Oliver Smedley, amene anali kumbuyo kwa zimenezi, ndipo Smedley anamuwombera n'kumupha. Khoti linamumasula ponena kuti ankadziteteza. Koma kuyambira tsiku limenelo mawu oti achifwamba anasiya kumveka ngati nthabwala, ndipo boma linapeza pogwira.

Kodi zifukwa za boma zinali zoona?

Zina zinali zoona. Njira za mumlengalenga mayiko amagawana pa mgwirizano, ndipo mayiko ena a ku Ulaya ankadandaula kuti mawayilesi awo akusokonezedwa. Panalinso madandaulo okhudza mauthenga a sitima zapanyanja. Ambiri mwa mawayilesiwa sankalipira mokwanira eni nyimbo, ndipo woimba aliyense amene nyimbo yake inamvekapo pawayilesi iye osaona kanthu akudziwa kuti nkhani imeneyi si yaing'ono. Mu 1965 mayiko a mu Council of Europe anasainirana pangano lothana nawo.

Koma ine ndimaona kuti boma la Harold Wilson, ndi nduna zake zoona za positi ndi mauthenga, Tony Benn kenako Edward Short, linachedwa kufunsa funso lofunika: n'chifukwa chiyani anthu mamiliyoni, amene ankalipira laisensi ya BBC, ankapotoza wayilesi zawo kuloza kunyanja? Kuba njira ya mumlengalenga ndi mlandu. Kutolera ndalama kwa banja lonse n'kumamana ana ake chimene akufuna kumva nakonso ndi kulakwa, ngakhale kulibe khoti lake.

Anawatseka bwanji ngati anali kunja kwa malire?

A pansanja anali osavuta: makhoti anagamula kuti nsanja zambiri zili m'madzi a Britain. A m'sitima anawadulira kumtunda. Lamulo la 1967 la Marine Broadcasting Offences linati nzika ya Britain ikagwira ntchito pawayilesi yotere, ikapititsako chakudya kapena mafuta, kapena ikatsatsapo malonda, yapalamula. Sitima sanaikhudze, anangotseka mpopi.

Lamulolo linayamba kugwira ntchito pakati pa usiku wa 14 Ogasiti 1967. Radio London inatsanzika 3 koloko masana a tsikulo, ndipo madzulo ake chikhamu cha achinyamata chinadzaza siteshoni ya sitima zapamtunda ya Liverpool Street kudzachingamira ma DJ, ena akulira. Mawayilesi ena a m'sitima, Radio Scotland ndi Radio 270, anatsekanso tsiku lomwelo. Caroline yokha inakana. Johnnie Walker ndi Robbie Dale anapitiriza kuyankhula nthawi itadutsa 12 koloko, akudziwa kuti akaponda kwawo akhoza kumangidwa.

Ndiye Radio 1 inabadwa chifukwa cha iwowa?

Eya, ndipo BBC sinabise. Patangotha milungu isanu ndi umodzi ndi masiku ochepa, pa 30 Seputembala 1967 nthawi ya 7 koloko m'mawa, Tony Blackburn anatsegula Radio 1 ndi nyimbo ya gulu la The Move. Tsiku lomwelo Light Programme inakhala Radio 2, Third inakhala Radio 3, Home Service inakhala Radio 4. Ma DJ ambiri a Radio 1 anali omwe aja a m'sitima, ndipo tinyimbo totchula dzina la siteshoni anakajambulitsa ku kampani yomwe ija ya ku Dallas.

Poyamba inali yoperewera. Malire a mbale aja anali akadalipo, choncho maola ambiri inkagawana mapulogalamu ndi Radio 2. Mayi woyamba kukhala DJ wokhazikika, Annie Nightingale, analowa mu 1970.

Pano ndiyenera kuichitira chilungamo BBC. Malire omwewo anachititsa kuti magulu azibwera kudzajambula nyimbo mu situdiyo za BBC, ndipo John Peel anasandutsa chopingacho kukhala chuma. Kwa zaka 37, mpaka imfa yake mu 2004, ankaika nyimbo zimene wotsatsa malonda aliyense akanazithawa: punk, reggae, magulu osadziwika otumiza matepi papositi, ndiponso nyimbo za kuno kummwera kwa Africa. The Bhundu Boys ndi The Four Brothers a ku Zimbabwe anamveka m'nyumba za ku Britain kudzera mwa iye ndi DJ mnzake Andy Kershaw. Munthu wotere anatulukira m'sitima, koma chimene chinamusunga zaka zonsezo ndi laisensi ija.

Mawayilesi amalonda ololedwa anayamba liti?

Pa chisankho chachikulu cha 1970, choyamba chimene a zaka 18 anavota, boma la Labour linkasokoneza dala mawu a sitima ina, Radio North Sea International, ndipo iyo inabwezera pochita kampeni yolitsutsa. A Conservative a Edward Heath, amene analonjeza mawayilesi amalonda, anapambana. Lamulo linadutsa mu 1972, ndipo mu Okutobala 1973 LBC ndi Capital Radio zinatsegulidwa ku London.

Atapatsidwa Radio 1 ndi amalonda, ozembera lamulo anatha?

Ayi, anangosamuka kunyanja n'kukwera pamadenga a nyumba zazitali za m'mizinda. Tsopano omanidwa anali ena: ana a anthu ochokera ku Caribbean ndi ku Africa, amene reggae ndi soul yawo inkapatsidwa kaola kamodzi kapena awiri pamlungu. Dread Broadcasting Corporation inamveka ku London kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Kiss FM inayamba mozemba mu 1985 n'kuyamba kuulutsa movomerezeka mu 1990. Kool FM inalera nyimbo za jungle, ndipo Rinse FM, imene inayamba mu 1994, inalera grime ya anyamata ngati Wiley ndi Dizzee Rascal isanaloledwe mu 2010. Nzeru yawo inali yoika makina oulutsira padenga lina, situdiyo ili m'nyumba ina kutali, kuti aboma akalanda makina asapeze anthu. BBC inatsegula 1Xtra, ya nyimbo zomwezi, mu 2002, monga inachitira mu 1967.

Kodi kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza?

Mawayilesi a m'sitima kuno kunalibe, koma mbali ziwiri zikutikhudza. Yoyamba, wayilesi ya atsamunda ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkaulutsa m'zinenero za kuno kuphatikizapo Chinyanja, kufikira Nyasaland ndi Rhodesia zonse ziwiri. Mkulu wake Harry Franklin anakopa kampani ya Ever Ready kuti ipange wayilesi yotchipa ya batire, yooneka ngati sefuliya, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949. Mawu a Alick Nkhata analowa m'midzi kudzera m'sefuliya imeneyo. MBC inabwera mu 1964, chaka chomwe Caroline inayamba, ndipo inakhala yokha m'Malawi mpaka ndale za zipani zambiri zitabwera. Radio 2 ya MBC ndi mawayilesi a anthu wamba anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Yachiwiri ndi LM Radio ya ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Iyo inali Luxembourg ya dera lino: ili m'dziko lina, yololedwa kwawoko, koma ikuthira nyimbo za achinyamata mu South Africa zimene SABC, wayilesi ya boma la kumeneko, inkazimana mpata, ndipo pa shortwave inkamveka kutali kupitirira South Africa. Inatsekedwa mu Okutobala 1975 Mozambique atalandira ufulu, ndipo m'mawa mwake SABC inatsegula Radio 5 m'malo mwake.

Nanga Caroline inathera kuti?

Malonda atauma ngongole zinakula, ndipo mu Malichi 1968 kampani ya ku Netherlands imene inkaiperekera katundu inakoka sitima zonse ziwiri kupita nazo ku Amsterdam. Mi Amigo inabwereranso panyanja mu 1972 n'kulimbikira mpaka mu Malichi 1980, pamene inamira ndi namondwe. Anthu onse anapulumutsidwa, ndipo mlongoti wake unakhala ukuonekera pamwamba pa madzi kwa zaka zingapo. Mu 1983 Caroline inadzukanso pa Ross Revenge, sitima yakale yophera nsomba yokhala ndi mlongoti wa mamita pafupifupi 90, umene unagwa mu 1987. Mu Ogasiti 1989 aboma a ku Netherlands, mothandizidwa ndi a ku Britain, anakwera m'sitimamo n'kuchotsa makina. Lamulo la 1990 linatseka mipata yotsala, ndipo mu Novembala 1991 sitimayo inatsakamira pamchenga wa Goodwin Sands.

Okonda wayilesiyi sanaisiye. Anaipitiriza pa setilaiti ndi pa intaneti, ndipo mu 2017 inalandira laisensi youlutsa pa 648 kHz, njira imene kale inali ya BBC World Service. O'Rahilly anamwalira mu 2020. Ross Revenge ikadalipo, yaima pa mtsinje wa Blackwater ku Essex, ndipo masiku ena pamwezi ma DJ amakwera boti kukaulutsira momwemo.